M'mera mpoyamba: mphindi khumi ndisanajambule kanthu

Ndimagwira ntchito m'kanyumba kakuseri kwa nyumba ina ku Area 10, kufupi ndi Pacific Parade. Muli tebulo lalitali, makompyuta awiri, kathabwa kojambulira ndi mpando umodzi wa alendo. Ndimapanga makatuni: timafilimu tophunzitsa za katemera, za kusamba m'manja, za banki m'khonde, nthawi zina malonda a pa TV. Makasitomala anga ambiri ndi mabungwe amene ali ndi maofesi kumayadi kuno ndi ku City Centre. Akabwera amafuna kuona nkhope ya mwana amene ndajambula, ndi momwe chitenje cha amake chikugwedezekera. Palibe amene amafunsa za kabokosi ka manambala kamene ndimatsegula ndisanakhudze cholembera, chonsecho ntchito yonse imatsamira pamenepo.

Mu Adobe Animate, pulogalamu yomwe inkatchedwa Flash mpaka 2016, kabokosika kali pa Document Settings. Mu Blender, yomwe aliyense amatha kuitenga ulere pa intaneti, kali pa Output Properties. Bambo anga anali telala pakhonde la sitolo ku Old Town. Sankagwira sizasi asanayeze munthu, ndipo asanapinde nsalu ankalembapo dzina la mwiniwake ndi choko. Zinthu ziwiri zomwezi, kuyeza ndi kulemba dzina, ndi zimene ndimachita m'mphindi khumi zoyambirira.

Muyezo woyamba ndi liwiro. Katuni ndi zithunzi zoima zimene zimaonetsedwa motsatizana mofulumira mpaka diso kukhulupirira kuti zikuyenda. Chithunzi chilichonse timachitcha fulemu. Mafilimu a m'nyumba zoonetsera kanema amayenda mafulemu 24 pa sekondi, chiyambireni mafilimu olankhula kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Wailesi za kanema kuno zimayenda 25, chifukwa liwiro la TV linatsatira magetsi, ndipo magetsi athu ndi a 50 Hz. Ku America, komwe magetsi ndi a 60 Hz, TV imayenda pafupifupi 30. Blender ukangoitsegula imakhala pa 24. Siikufunsa kuti uli dziko liti.

Ndinaphunzira zimenezi ndi thukuta. Ndinapanga kafilimu ka masekondi 30 ka mayi wofotokoza za kolera, mafulemu 720, pakamwa ndi mawu zikugwirizana bwinobwino pa kompyuta yanga. Nditapita nako ku wailesi ina ya kanema, mnyamata wa pamakina anakaika pa 25 n'kundiitana. "Akulu, taonani. Pakamwa pa amayiwa pakutsogola, mawu akutsalira." Mafulemu 720 ukawathamangitsa pa 25 amatha pa masekondi 28.8. Pofika kumapeto, mayi uja anali atatseka kale pakamwa mawu ake akumvekabe. Panafunika mafulemu 750. Kubwereza fulemu imodzi pa sekondi iliyonse kukanakwaniritsa nambalayo, koma dzanja la mayiyo likanamanjenjemera potunga madzi. Ndinakhala masiku atatu usiku ndikusuntha milomo fulemu ndi fulemu. Akuluakulu sananame kuti m'mera mpoyamba.

N'chifukwa chake funso langa loyamba kwa kasitomala silikhudza nkhani ya filimuyo. Ndimafunsa kuti, "Bwana, kodi ikaonetsedwa kuti?" Akati pa TV, ndimaika ma pixel 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, mafulemu 25, mawu pa 48 kHz. Akati pa status ya WhatsApp kapena pa TikTok, chithunzi chimaimirira, 1080 kwa 1920, ndipo anthu awiri amene akanakhala moyandikana pamkeka ndiyenera kuwakonza mwina kuti onse akwane. Akati zonse ziwiri, ndimawauza poyera kuti ndi ntchito ziwiri, ndipo timagwirizana mtengo tsiku lomwelo. Ndimasiyanso malire m'mbali, chifukwa wailesi imaika chizindikiro chake pakona ndipo pansi pamadutsa mizere ya nkhani. Mawu athu ndi aatali. Liwu ngati "musanawamwetse" limadya malo, ndipo likafika m'mphepete chilembo chomaliza chimadulidwa.

Muyezo wina ndi wa magetsi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala miyezi yambiri magetsi akuzimazima. Nthawi imeneyo inandiphunzitsa kuti pulogalamu izisunga yokha ntchito mphindi ziwiri zilizonse, komanso kuti potulutsa filimu mu pulogalamu, zomwe timati kurenda, ndisamaitulutse ngati fayilo imodzi. Ndimarenda fulemu iliyonse payokha ngati chithunzi cha PNG chokhala ndi nambala yake. Magetsi akazima pa fulemu 412, akabwera ndimayambira pa 413, osati pa 1. Ndikamaliza ndi pamene ndimazilumikiza ndi mawu.

Kenako ndimatenga choko cha bambo anga. M'kati mwa fayilo muli malo obisika olembamo za fayiloyo, omwe timawatcha metadata. Ndimalembamo mutu wa filimu, dzina la wojambula, tsiku, mwini wake mwalamulo, ndi chilankhulo: nya ngati ili m'Chichewa, tum ngati ili m'Chitumbuka, yao ngati ili m'Chiyawo. Filimu imodzi ikakhala m'zilankhulo zitatu, tizilembo titatu timeneti timathandiza kuti ya ku Mangochi isapite ku Rumphi. Pa zimene ndimatumiza kuti kasitomala aone kaye, Blender imatha kudinda nambala ya fulemu pachithunzi penipeni, ndiye akaimba foni sanena kuti "penapake pakatipa," amangotchula nambala.

Dzina la fayilo nalo ndimalisamala. Ndimayamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kuti mafayilo azindandalika okha. Sindiikamo chilembo cha ŵ kapena kachizindikiro ka mu "ng'ombe," chifukwa makina ena amasokonezeka nazo. M'kati mwa filimu ndimalemba Chichewa chathu mokwanira, koma dzina la fayilo limakhala losalala, ndipo limatha ndi nambala yosonyeza kuti ndakonza kangati.

Ena amati n'kutaya nthawi. Tsiku lina anandiimbira mayi amene sindinkawadziwa, ochokera ku bungwe lomwe ndinaligwirira ntchito zaka zitatu m'mbuyomo. Amene tinagwira nawo onse anali atachoka. Mayiwa anapeza filimu pa kompyuta yakale, dzina lake litasinthidwasinthidwa, ndipo ankafuna ina ya Chiyawo koma osadziwa amene anaipanga. Mnyamata wawo wa makompyuta atasuzumira m'kati mwa fayilo anapeza dzina langa ndi chaka. "Bambo, takusakani milungu iwiri," anatero. Ntchito imeneyo inandilipirira lendi.

Metadata si loko. Munthu akhoza kuifufuta, ndipo WhatsApp imafinya kanema n'kupanga fayilo yatsopano, choncho ndimatumiza ngati document kuti ifike momwe ilili. Chimene chimateteza wojambula ndi mgwirizano wolemba, lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndi bungwe la COSOMA lomwe lakhalapo kuyambira 1992. Komabe dzina lolembedwa m'fayilo limalankhula pamene mwiniwake palibe. Ojambula athu ambiri ntchito zawo zikuzungulira m'mafoni a anthu zilibe dzina, ngati mbuzi yosochera pamsika, ndipo zimandiwawa.

Pano ndili ndi mtsikana amene ndikumuphunzitsa. Amachokera ku Area 25 pa minibasi m'mawa uliwonse. Dzanja lake ndi lopepuka kuposa langa, koma masiku oyamba ankathamangira kujambula. Ndinamata pepala pakhoma: ikaonetsedwa kuti, mafulemu angati, kukula kwake, mawu, chilankhulo, dzina. Sabata yatha anamaliza kafilimu kake koyamba, ka mwana wopita kusikelo, ndipo anajambula yekha fulemu iliyonse. Atafika pamalo olemba wojambula anaima n'kutembenuka.

"Achimwene, apa ndilembe dzina lanu?"

"Wajambula ndani?"

Anakhala chete pang'ono, kenako analemba lake.