MPATA WA ANTELOPE M'NYENGO YA CHISANU

Anzathu a kumidzi, pamene inu muli kalikiliki kupalira chimanga m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, ku Amereka imakhala nyengo ya chisanu. Sabata ino tikutengani kunka ku Arizona, m'chipululu cha anthu a mtundu wa Navajo, pafupi ndi tauni ya Page. Ena a iwo ndi alimi monga inu nomwe: amaweta nkhosa nalima chimanga m'dziko la mvula yochepa.

Kumeneko kuli mpata wotchedwa Antelope Canyon. Musaganize za chigwa chotakata, iyayi. Uwu ndi mng'alu m'thanthwe lofiira, wakuya mayadi 40 pena ndi pena, koma wopapatiza kotero kuti malo ena munthu atatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. Chigawo cha kumtunda nchotalika mayadi ngati 220, ndipo anthu amalowamo poyenda pamchenga; cha kumunsi amatsikiramo pa makwerero. Kale lomwe thanthwe limeneli linali milu ya mchenga imene inagwirana nisanduka mwala. Amene anasema mpatawu ndi madzi. Mvula ikagwa kumtunda, madzi amathamangira mumng'alu atasenza mchenga ndi timiyala, napala makoma mpaka kusalala ngati mbiya youmbidwa bwino. Dzina limene a Navajo anatcha chigawo cha kumtunda litanthauza malo amene madzi amadutsa m'miyala.

Alendo ambiri amadza m'nyengo yotentha. Kuyambira kumapeto kwa Malichi kufikira kumayambiriro kwa Okutobala, dzuwa likafika paliwombo limalowa pakamwa pa mpata ndi kutsikira pansi, monga kuwala kolowera pa chiboo cha denga la udzu m'nyumba ya utsi. Otsogolera alendo amawaza mchenga m'mwamba kuti kuwalako kuoneke bwino pa chithunzi. Koma masiku amenewo anthu amachuluka zedi, ndipo wojambula amavutika kupeza khoma lopanda mutu wa mnzake.

Nchifukwa chake ena amadikira chisanu. Pamenepo dzuwa limayenda m'munsi, chakum'mwera, ndipo silifika pansi pa mpata. Kuwala kumagunda khoma pamwamba, kubwerera ku khoma linzake, kutsika pang'onopang'ono. Tsono pamwamba mwala umaoneka wachikasu, pakati wofiira ngati katondo, pansi wobiriwira ngati mtambo wa madzulo. Alendo amachepa, ndipo munthu amamva ngakhale mchenga ulikugwa.

Komatu kujambula mumdima wotere kumafuna kuleza mtima. Kamera iyenera kutsegula diso lake nthawi yotalikirapo kuti ilandire kuwala kokwanira, ndipo dzanja likanjenjemera ndi kuzizira, chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino. Kale ojambula ankaloledwa kuimika kamera pa miyendo itatu ku chigawo cha kumtunda, koma maulendo otero anathetsedwa kumapeto kwa chaka cha 2019. Lero munthu amapanikiza zigongono pachifuwa, nagwira mpweya, kenaka nkujambula. Odziwa ntchito amapitako masana dzuwa liri pamwamba. Saloza kamera kuthambo, pakuti thambo limatuluka loyera mbee, makoma nkuda bii. Ndiponso samasula galasi la kamera ali m'katimo, chifukwa mchenga wogwa kuchokera pamwamba ungalowemo.

Chiripo chifukwa china chachikulu choposa zithunzi. Mvula ya mabingu kumeneko imagwa makamaka kuyambira Julayi kufikira Seputembala. Pa 12 Ogasiti 1997, alendo 11 anafera m'chigawo cha kumunsi, 7 a iwo ochokera ku France. Pamalopo panangowaza timadontho, koma mvula yamphamvu inali itagwa mailosi ngati 7 kumtunda. Madzi a matope anadza mwadzidzidzi, ndipo mumpata wopapatiza chotere mulibe kothawira. Pambuyo pake anaikamo makwerero achitsulo omangiriridwa kuthanthwe, ndiponso lipenga lochenjeza anthu. Masiku ano palibe mlendo wololedwa kulowamo yekha. Ayenera kulipira ndi kutsagana ndi wotsogolera wa ku Navajo, ndipo mitambo ikaopsa mpata umatsekedwa. M'chisanu ngozi yotere imachepa, koma otsogolera saleka kuyang'ana kumwamba.

Inu alimi simungadabwe nazo zimenezi. Mwaona mtsinje wouma ukudzaza thoo pamudzi popanda dontho, chifukwa chakuti kumapiri yagwa. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ku Antelope Canyon khwawa la madziwo ndilo njira yomwe alendo amayendamo ndi makamera awo. Choncho wojambula wanzeru amayamba wafunsa eni dziko za mitambo ya kumtunda asanaponde pamchengapo.