KODI MISOZI IMAPUKUTIKA?

Ndili ndi zaka 10, mbuzi zathu zinalowa m'munda wa mayi wina wamasiye pamene ine mbusa wake ndinali kusewera mpira kudambo. Nkhani inapita kubwalo kwa a nyakwawa. Bambo anga anagamulidwa kupereka nkhuku kubwalo ndi madengu awiri a chimanga kwa mayi uja. Pobwerera ndinafunsa chifukwa chake tinalipa kawiri pa mlandu umodzi. Iwo anati: "Nkhuku ija ndi chindapusa, ndiye chilango chathu. Chimanga chija ndi chipukutamisozi, chimapita kwa amene walira."

Kuyambira tsiku limenelo mawu amenewa amandichititsa chidwi. Makolo athu sanawatche mtengo wa chinthu chowonongeka ayi, anayang'ana nkhope ya munthu wolakwiridwa. N'zosiyana ndi malipiro amene munthu amalandira atakhetsa thukuta. N'zosiyananso ndi chipepeso cha pamaliro, chimene timapereka ngakhale sitinalakwe kanthu.

Dziko lathu nalo linayesapo kupukuta misozi. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anakhazikitsa bwalo la National Compensation Tribunal kuti lizimva madandaulo a anthu amene anazunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Agogo anga, amene anaona nthawi imeneyo ndi maso awo, amati ndalama zimathandiza, koma palibe angabwezere munthu zaka zimene anakhala m'ndende ana ake akukula osamudziwa. Chimene ambiri ankafuna, iwo amatero, ndi kumva wina akuvomera poyera kuti analakwiridwa.

Mawu a agogowa ndinawamvetsa bwino teremu yathayi. Ndalama zanga zokwana K5,000 zinasowa, ndipo ndinauza anzanga kuti ndikukayikira mnzanga wogona naye moyandikana. Pofika madzulo seminale yonse inali itamva. Patapita sabata ndinazipeza m'thumba la buluku langa lomwe. Ndinangokhala chete chifukwa cha manyazi.

Nditapita ku Sakramenti la Kulapa ndinkaganiza kuti Abambo andipatsa mapemphero angapo basi nkhani n'kutha. Koma anandikumbutsa za Zakeyo pa Luka 19, amene sanangomva chisoni mumtima koma analonjeza kubwezera kanayi aliyense amene anamubera. Anandifotokozeranso kuti Mpingo umaphunzitsa kuti wophwanya lamulo la 7 abweze katundu, ndipo wophwanya lamulo la 8 abweze mbiri ya mnzake. "Mwana wanga, iwe waba dzina la munthu. Ukalibweze kumene unalitenga."

Tsiku lotsatira, titatha kudya, ndinaimirira pamaso pa onse miyendo ikunjenjemera, ndipo ndinaulula bodza langa. Mnzangayo anandigwira dzanja. Komabe mpaka lero kanthu kakasowa, ena amamuyang'ana iye poyamba. Madzi akatayika sawoleka. Chimanga cha mayi uja tinabweza tsiku limodzi, koma ngongole iyi ndikulipabe pang'onopang'ono pomuikira kumbuyo pamene ena ayamba kunong'ona.

Anzanga, ena mwa ife, Mulungu akalola, tidzakhala ansembe ndipo tidzauza anthu kuti akabweze zimene anawononga. Tiyambe ifeyo lero, pakuti mlandu suola. Ndipo tisanatsegule pakamwa kunena za mnzathu, tidzifunse: ndikalakwitsa, kodi ndili nacho chomupukutira misozi?

Wophunzira wa Fomu 3