Za Kachitseko ka Utsi: Zimene Ndaona ku Joni ndi Zimene Ndinasiya ku Biwi

Abale anga amisiri a galimoto amene muli kumudzi, ndi inu matchona anzanga amene mwamwazikana m'magalaja a ku Joni kuno, ndiloleni ndikambeko za kanthu kamene kandisowetsa tulo chibwerere kuchokera kwathu mwezi wa Epulo. Pakuti ndinakapeza minibasi ya alamu anga ili chikhalire patsinde pa mango, hedi ya injini yake ya 1KZ itang'ambika, ndipo nditasuzumira kunsi kwake ndinaona chimene mtima wanga unali utandiuza kale: waya wa mpanda, wopotedwa katatu, atamanga kamkono ka wastegate kuti kasagwedezeke konse.

Turbo, imene nzeru yake anailembetsa Alfred Büchi wa ku Switzerland mu 1905, ndi timapiko ta mbali ziwiri pa kamtengo kamodzi kachitsulo: utsi wotuluka m'injini uzunguza mbali ina, ndipo inayo ikankhira mpweya m'injinimo. Mpweya ukachuluka moto ukula, moto ukakula utsi uchuluka, utsi ukachuluka timapikoto tithamangirathamangira kufikira kupyola maulendo 100,000 pa mphindi imodzi, kotero kuti pakadapanda woletsa, chinthuchi chikadalusa monga moto wa kutchire m'mwezi wa Okutobala. Woletsayo ndiye wastegate, kachitseko kopatutsa utsi kuti ulambalale timapiko. Ndipo mlonda wa pakhomopo ndi kachitini kotchedwa actuator, kamene m'kati mwake muli sipuling'i ndi kachikopa ka labala. Sipuling'i ikoka chitseko kuti chitsekeke, mpweya wodzera m'kapayipi uchikankha kuti chitseguke, ndipo pamene awiriwa alingana mphamvu, pomwepo mpamene pali malire a boost, ndiko kuti mphamvu ya mpweya umene turbo ikankhira m'injini.

Ine ndinakulira ku Biwi, mu Lilongwe, ndili sipanala boyi wa mdala wina amene ankadziwa nthenda ya injini pongoimvetsera ndi sikuludalaiva yotsamiritsa kukhutu, ndipo kufikira lero sindinakumane ndi mzungu kapena Mzulu womposa pa luso limenelo. Koma dalaivala akafika ndi dandaulo la masiku onse, lakuti galimoto yafooka, pachitunda ikuchita kukwawa, mankhwala athu anali atatu okha: kumanga kamkono ndi waya, kutseka kapayipi ndi bawuti, kapena kulowetsa mawashala kunsi kwa kachitini, ndipo ikakhala Pajero ya injini ya 4D56 tinkapotokolanso sikuluwu ya pampu kufikira utsi wakuda utaphimba amayi ogulitsa mandasi kutsidya kwa msewu. Dalaivala ankabwerako kokayesa akumwetulira, natigulira Fanta. Atabweranso patapita miyezi itatu, galimoto ikukokedwa ndi chingwe, tinkati ndi tsoka, kapena dizilo wa m'zigubu.

Tsiku langa lachitatu pa galaja ina ya ku Booysens, mwini wake anandipatsa actuator yatsopano ya Turbosmart kuti ndiike pa galimoto ya kasitomala. Ndipo ine, pofuna kuonetsa kuti kwathu sitinaphunzire zogona, ndinamasula nati ndi kuyamba kufupikitsa kandodo kake kokoka chitseko, kamodzi, kawiri, katatu, kufikira dzanja lake linagwira langa. Sanandikalipire. Anatenga kapampu kam'manja kokhala ndi geji, nakalumikiza ku kachitini, napopa pang'onopang'ono maso ali pa kandodo. Ndipo muvi utafika pa 0.7 bar kandodoko kanayamba kusuntha, kachete, monga nkhono itulutsa maso ake kwa munthu wodekha. Kenaka anandionetsa muyeso wake: chitseko chili chotseka, bowo la kunsonga kwa kandodo liperewere theka la bowo kuti lifike pa kachikhomo ka pa kamkono ka chitseko, ndiko kuti mamilimita awiri kapena atatu, ndipo ulikoke ndi zala kuti lilowe. Ukafupikitsa mopyola apo walanda chitseko mpata wotsegukira, ndipo injini ikafika pa liwiro lalikulu boost ingokwera yosamvera munthu. Wofuna mphamvu yoposa asinthe sipuling'i, osati kuzunza kandodo.

Zitatha izo anakweza galimoto pa dyno, zigudumu zoyendetserapo galimoto ili pamalo amodzi, ndipo tinatha masana onse tikupotokola theka la mzungulo, kuyesa, kulemba, kudikira injini izizire, ndi kuyesanso. Ndinatopa, ndisaname, ndipo mumtima ndinati anthu awa ali ndi nthawi yotaya.

Chimene ndinachimvetsa pambuyo pake ndi ichi, kuti Johannesburg ali pamwamba, mamita oposa 1,700, pamene mpweya uli wopepuka kuposa wa ku Durban ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Nchifukwa chake kuno agulitsa petulo wa 93 pambali pa wa 95, ndipo nchifukwa chakenso turbo iyenera kuzungulira molimbika kuti idzaze injini. Tsono taganizirani za kwathu, kumene galimoto imodzimodziyo idzuka ku Chikwawa, m'chigwa chotentha, nikwera chitunda chonse kufikira ku Blantyre, pa mamita oposa 1,000. Kapena inyamuka m'mphepete mwa nyanja nikwera Chiweta, kapena Khwekhwelere kulinga ku Dedza, itasenza matumba a usipa ndi anthu anayianayi pa mpando. Pamenepo phazi la dalaivala lili pansi kwa mphindi zambiri, mpweya ukupepukirapepukira, ndipo chitseko nchomangidwa ndi waya. Pa dizilo, mpweya wowonjezeka pang'ono sukhala mdani, ndipo ungathe kuziziritsa utsi. Wopha injini ndiye mafuta opyola muyeso pamodzi ndi turbo yopanda woiletsa, pakuti pisitoni ndi ya aluminiyamu wosapirira moto wopyola muyeso, ndipo hedi ya 1KZ ndi yodziwika kale kuti siipirira kutentha. Pa petulo mlandu ufulumira koposa: boost ikakwera mafuta osawonjezeka, injini igogoda, ndipo pisitoni ibooka.

Musayese kuti ndikutamanda a kuno m'zonse, iyayi. Ndaona anyamata a ma Golf GTI akugula pa intaneti tizitini tonyezimira, chikomekome cha mkuyu, sipuling'i yake yosagwirizana ndi zolembedwa pa bokosi, ndipo Lolemba m'mawa galimoto zawo zifika pamsana pa lole monga zathu zomwe. Ndiponso mmisiri wa kuno ataya chinthu chimene wa ku Ndirande akadachiukitsa ndi waya ndi moto. Chimene atiposa nacho nchimodzi: asanakhudze kandodo ayamba afunsa geji, ndipo kawirikawiri geji iwauza kuti wolakwa sali wastegate konse, koma payipi yong'ambika, kapena sefa ya mpweya yodzala fumbi.

Sefa ya minibasi ya alamu anga nditaigogoda pa tayala, panatuluka dothi lofiira lodzaza chikhatho. Ndawagulira hedi ina, ndi geji ziwiri, ya boost ndi ya kutentha kwa utsi. Zonse zili m'chikwama cha Shangani, zikudikira basi ya Lachisanu yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Waya uja ndinabwera naye, ali m'bokosi langa la masipanala.