Kantchentche komwe kadandiphunzitsa kunena kuti "sindikudziwa"

Patchuthi chapitachi ndidali kumudzi, ndipo chimanga cha bambo chidali chitabooledwa ndi ntchemberezandonda zachilendo zija zidafika mu Africa mu 2016 kuchokera ku America. Ndidatola mbozi zisanu n'kuziika m'botolo ndi masamba komanso dothi pang'ono, kuti ndione chomwe zidzasanduke. Patadutsa milungu, m'botolomo ndidapezamo kantchentche kotuwa, kaubweya wolimba pamimba. Mphutsi yake idakulira m'thupi mwa mbozi imodzi, kuidya mkati mpaka kuipha.

Ndidakajambula ndi foni n'kuika zithunzi pa iNaturalist. Kompyuta idandipatsa dzina la Chilatini, ine osachedwa kulilengeza pagulu la kalasi yathu pa WhatsApp. Mmawa mwake katswiri wina adatsutsa dzinalo n'kulemba la banja lokha: Tachinidae. Adafotokoza kuti banjali lili ndi mitundu yoposa 8,000, yambiri yofanana ngati mapasa. Kuti usiyanitse, umawerenga ubweya wa pamsana, kuyang'ana momwe mitsempha ya phiko yapindikira, nthawi zina mpaka kuunika ziwalo zoberekera za yaimuna pa maikulosikopu. Zithunzi zanga zidangoonetsa msana, nawonso mwachimbuuzi.

Ndidachita manyazi, komanso kaukali pang'ono. Lero ndikuona kuti iye ndiye adachita zasayansi, ine ndidachita zodzionetsera. Ophunzirafe timaopa mawu akuti "sindikudziwa" kuposa mayeso. Foni ikatipatsa yankho, timalimeza osatafuna. Komatu dzina lolakwika likalowa m'kaundula wa pa intaneti, wofufuza wina adzalitenga ngati umboni wakuti mtundu umenewo ulipo kwathu kuno, pamene palibe adauonapo.

Madzulo ake bambo adandifunsa, "Nanga iwe wa kuyunivesite, kachilombo kako kaja dzina lake ndani?"

"Sindikudziwa, bambo. Chomwe ndikudziwa n'chakuti kamapha mbozi. Mukapopera mankhwala munda wonse, nako kafa."

Adakhala kaye chete, kenako adati ayamba ayendera mizere kuti athire pokhapo pali mbozi.

Kantchentcheko ndidakasunga m'kabotolo ka spiriti, ndi kapepala kolembapo tsiku, malo ndi mbozi yomwe kadatulukamo. Sukulu ikatsegulidwa ndikapita nako ku labu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ubweya wa ntchentche nawo n'chimodzimodzi.