Dontho la Khofi la Victor Hugo

M'nyumba yosamalira okalamba momwe timagwira ntchito ya usiku kuno ku Mangalande munali agogo ena amene pa utsikana wawo ankaphunzitsa Chifalansa. Pakhoma la chipinda chawo panali chithunzi chopanda mitundu: bwinja la nsanja pamwamba pa thanthwe, mtsinje ukudutsa m'munsi mwake. Kwa miyezi yambiri tinkangopukuta fumbi pagalasi lake. Usiku wina tulo titawasowa, analoza chithunzicho nati, "Mwanangu, anajambula ndi Victor Hugo, koma dzanja ukulionalo si lake."

Tinayesa kuti ndi matenda a kuiwala amene akuyankhula. Tinalakwa.

Hugo, mlembi wa ku France amene anabadwa mu 1802, anayenda m'mbali mwa mtsinje wa Rhine mu 1839 ndi 1840, ndipo nkhani za ulendowo zinatuluka mu 1842 m'buku lotchedwa Le Rhin. Paulendopo ankajambulanso mabwinja a malinga akale m'kabuku kake, zina nkutumizira ana ake pamodzi ndi makalata. Mu 1851 anathawa kwawo chifukwa chotsutsana ndi Louis-Napoléon, nakhala kudziko la eni zaka 19, zambiri mwa izo pachilumba cha Guernsey. Kumeneko nsanja za ku Rhine anazijambulabe, tsopano kuchokera m'mutu. Ankathira inki yofiirira papepala, kupakapo mwaye, kudonthezapo khofi, nthawi zina kufafaniza ndi chala. Aliyense amene anakhalitsa kunja akudziwa kuti malo owakumbuka amaoneka motero, mbali ina yowala, ina yachimbuuzi.

Zojambulazi sankazionetsa kwa anthu wamba. Zina zinafika kwa anthu kudzera mwa Paul Chenay, mwamuna wa mlamu wake, amene ntchito yake inali yozokota zithunzi pachitsulo kuti zisindikizidwe. Buku la zithunzizo lili ndi chaka cha 1863, ndipo mawu otsogolera analemba Théophile Gautier. Ntchitoyo inkafuna kuleza mtima: kutsata chojambula cha munthu wina pachitsulo chophwatalala, chakumanja kukhala kumanzere, kukumba mizere ndi timaenje mosungira inki, kenako kupanikiza pepala pamwamba pake. Chitsulo chimodzi chinkabala zithunzi zambiri zofanana. Koma dontho la khofi limene linagwa kamodzi nkuyenderera momwe linafunira, chitsulo chingangolitsanzira. Izi ndi zomwe agogo aja ankatanthauza.

Chenay sitimuimba mlandu. Popanda anthu a ntchito yake, mphunzitsi wamba sakanapachika Hugo pakhoma pake. Ndiponso Hugo anavomera bukulo kuti ndalama zake zithandize chakudya chimene anayamba kukonzera ana osauka a ku Guernsey mu 1862. Dontho la khofi likatayika koma mwana nkukhuta, sitinganene kuti malondawo anaipa.

Komabe kuyambira usiku umenewo cholembera chinayamba kutilemera. Ntchito yathu imatha ndi lipoti, ndipo pophunzira unamwino anatiuza kuti chosalembedwa sichinachitike. Tsono timalemba: wamwa madzi, wamwa mankhwala, watembenuzidwa 2 koloko, wagona bwino. Zonsezo nzoona, ndipo mnzathu wa m'mawa sangagwire ntchito popanda izo. Koma usiku umene agogo, amene masana sanazindikire mwana wawo, anatifotokozera kwa theka la ola za ulendo wawo wa pa Rhine ali mtsikana, m'lipoti munalowa mawu awiri okha: sanagone msanga. Ana awo atabwera Lamlungu anawerenga mawu awiriwo, natifunsa ngati mankhwala a tulo awonjezedwe. Tinayesa kuwafotokozera za nsanja ndi mtsinje, koma pakamwa pathu nkhaniyo inatuluka yosalala, yopanda kuseka kumene mayi awo anaseka pokumbukira mvula imene inawanyowetsa m'boti.

Agogowo anatisiya m'nyengo yachisanu. Achibale anachotsa chithunzicho pamodzi ndi zovala, ndipo pakhoma panatsala malo owala a ngodya zinayi pomwe dzuwa silinkafika. Patapita masiku khumi m'chipindamo munalowa abambo ena, ndipo malowo anaphimbidwa ndi kalendala.