Ulendo wa Matauni Anayi wa Alimi a kwa Chiosya

Mwezi wa August ukafika, kuno kwa Chiosya nchito ya kumunda imachepa. Mtedza ndi soya zagulitsidwa, chimanga chiri m'nkhokwe, ndipo makasu ayamba apumula kufikira nthawi yogalauza mizere. Imeneyi ndiyo nyengo imene anthu amakumbukira maulendo. Masiku ano ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli makampani amene nchito yao ndiyo kukonzera anthu maulendo. Iwo amapeza basi, kogona ndi chakudya, nakuperekezani m'matauni angapo pa mtengo umodzi. Alimi ambiri akhala alikundifunsa, pokhala ine mlangizi wao, ngati nchanzeru kupereka ndalama za mtedza kwa anthu otere. Tsono ndiyankha pofotokoza zimene ndinaona ndi maso anga.

Nchito yokonzera ena maulendo si yatsopano ayi. M'chaka cha 1841 munthu wina wa ku England, dzina lake Thomas Cook, anakonzera anthu ngati 500 ulendo wa pa sitima kuchokera ku Leicester kunka ku Loughborough, munthu aliyense nalipira shilingi imodzi. Kuno kwathu agogo athu ankadziwa Wenela, amene ankatenga amuna pa ndege kukatera ku Francistown, kuti kumeneko akakwere sitima ya ku Joni. Koma uwo unali ulendo wa ku migodi, ndipo m'chaka cha 1974 ndege ina inagwa ku Francistown komweko nipha anthu athu oposa 70. Nchifukwa chake akuluakulu ena kufikira lero amachita nthumanzi akamva za munthu wolemba maina a anthu a paulendo.

Chaka chatha kalabu ina ya alimi a mtedza ya m'dera langa inagwirizana zokaona dziko lao. Ndalama anayamba kusonkha m'banki mkhonde mvula isanagwe, ndipo anapangana kuti za feteleza ndi za mbeu asazikhudze konse. Atapeza kampani ku Lilongwe anandiitana kuti ndiwawerengere kalata yake, pakuti inali ya m'Chingerezi. Wapampando wao, bambo wachikulire ndithu, anati, "Alangizi, tiwerengereni mau onse, musadumphe ngakhale amodzi. Safunsa anadya phula." Ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse kufunsa mafunso. Tidzagona kuti? Amai adzagona paokha kodi? Nsima tidzadya kangati pa tsiku? Nanga basi ikafa panjira, adzalipira ina ndani? Mayankho onse tinauza mwini kampani kuti awalembe m'kalata ya pangano, iye nasaina, wapampando ndi msungichuma nasainanso. Theka la ndalama analipira ponyamuka, theka lina anati adzapereka atafika kwao.

Tinanyamuka mbandakucha, anthu odzaza basi imodzi, ine ndiri pamodzi nao. Tisanalowe mu Lilongwe tinaima pa Chitedze, malo a Boma ofufuzirapo za ulimi, amene anatsegulidwa m'chaka cha 1948. Alimiwa akhala alikubzala mtedza wa CG7 zaka zambiri, koma sankadziwa kuti dzinalo linachokera pa Chitedze pomwepo, ndi kuti mbeuyi inaperekedwa kwa alimi m'chaka cha 1990. Anafunsa zambiri za chuku ndi za kaumitsidwe ka mtedza, kotero kuti woyendetsa basi anachita kuwaimbira huta. Masana tinaona nkhokwe zazikulu za chimanga ku Kanengo ndi okushoni ya fodya, kumene mabelo ao amathera, ndipo madzulo tinaona Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa m'chaka cha 2010.

M'mawa mwake tinatsikira ku Salima, mtunda wa makilomita ngati 100, ndipo tinapitirira kufikira ku Senga Bay. Ambiri a iwo madzi akulu amene ankawadziwa ndi a mu Bua ndi mu Rusa basi. Gogo wina wamkazi anaima pamchenga nthawi yaitali osalankhula, kenaka anandifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi tsidya lake liripo?" Ndinati, "Liripo agogo, koma maso safikako." Iwo anatunga madzi m'botolo kuti akaonetse adzukulu.

Tsiku lachitatu tinadzera pa Mua, pamene pali mishoni ya m'chaka cha 1902 ndi nyumba yosungiramo zinthu za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Titayandikira ku Balaka basi yathu inafa. Apa mpamene ndinaona phindu la kalata ija. Mnyamata wa kampani amene ankatiperekeza sanabisale, ndiponso sanatiuze kuti tisonkhenso. Anaimba lamya, natigulira zakumwa, ndipo dzuwa lisanalowe basi ina inabwera. Tinaoloka Shire pa Liwonde kuli chisisira, ndipo ku Zomba tinapeza chakudya chiri kutidikira. Kunja kunazizira kwambiri, koma aliyense anali ndi juzi lake, pakuti kalata ija inachenjezeratu za mphepo ya m'phiri.

Zomba ndiye anali likulu la dziko lino kufikira chaka cha 1975, ndipo nyumba zakale za Boma zikalipo m'munsi mwa phiri. Titaziona tinapita ku Blantyre, kumene tinaona nyumba ya Mandala ya m'chaka cha 1882, ndi chalichi cha St Michael and All Angels chimene anatsiriza kumanga m'chaka cha 1891. Amuna anazizwa ndi njerwa zake. Tinafikanso ku minda ya tiyi ya ku Thyolo, imene iri yobiriwira ngakhale m'chilimwe. Pobwerera tinadzera ku Zalewa ndi ku Ntcheu, ndipo tinaima pa msika wa Lizulu, pamene msewu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Ife a ku Mchinji za malire sitinadabwe nazo, koma kabichi ndi mbatatesi za pamenepo amai anagula kufikira basi inalemera.

Patapita sabata ndinayendera alimiwa m'makomo mwao, ndipo ndinafunsa aliyense chimene chinamkondweretsa koposa. Ndinkayesa kuti onse adzanena nyanja. Zoonadi nyanja anaitchula, koma taonani zimene ananena poyamba. Msungichuma anati mtengo umene anauzidwa pachiyambi ndi womwewo analipira, osaonjezapo ngakhale tambala. Mai wina anati kulikonse kumene tinagona amai anali ndi zipinda zao zokhoma bwino, ndi madzi osamba. Bambo wina wodwala shuga anati chakudya chinkabwera pa nthawi yake, kotero kuti mankhwala ake sanadumphe. Wapampando anati, "Alangizi, basi ija itafa ndinaona ngati tagona patchire. Munthu uja anasunga mau ake, ndipo ndalama zotsala ndinapereka ndi manja awiri." Apa ndinaona kuti mlimi akhoza kupirira bvuto la panjira, pakuti chilala ndi matope anazizolowera. Chimene sapirira ndicho kunamizidwa.

Koma si onse amene amabwerako okondwa. Kalabu ina ya mudzi woyandikana nafe itamva mbiriyi, inatumiza ndalama zonse pa lamya kwa munthu amene sanamuonepo nkhope, chifukwa mtengo wake unali wotsika. Tsiku la ulendo anthu anabvala bwino, nakhala pamsewu ndi zikwama zao kufikira dzuwa linafika paliwombo. Basi sinabwere, ndipo lamya ya munthu uja siinapezekenso. Paja akulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno. Ndipo musayese kuti dzina lalikulu lokha ndi lokwanira, pakuti kampani ija ya Thomas Cook, itakhala zaka 178, inagwa m'chaka cha 2019 alendo ake zikwi zambiri ali m'maiko a eni.

Tsono inu alimi anzanga amene mulikuganiza za ulendo wotere, tumani anthu awiri kapena atatu akaone ofesi ya kampaniyo ndi maso, ndipo akapemphe kuona chiphaso chake cha Boma. Funsani magulu ena amene anayendapo nayo. Tauni iriyonse, malo ogona ndi chakudya cha tsiku lirilonse zilembedwe, ndipo pa ndalama iriyonse landirani lisiti. Musalipire zonse musanakwere basi. Musachulukitsenso matauni pa masiku ochepa, chifukwa okalamba amatopa, ndipo mudzangoona msewu wokhawokha. Koposa zonse, yambani mwapatula ndalama za mbeu, za feteleza ndi za sukulu ya ana, ndipo zotsalazo ndizo za ulendo. Mukatero mudzabwerako ndi nkhani zokamba pabwalo, ndipo mvula yoyamba idzakupezani muli okonzeka.