Tayala la kumbuyo musagule poganizira phula la Mbinga

Anzanga a geni ya usipa amene mukufika ku Mbamba Bay, mwandifunsa kambiri za matayala a njinga yamoto, ndiye ndiyankhire pano onse amve.

Chimene chimanyenga anthu ndi msewu wochokera ku Mbinga. Chiuthirireni phula, makilomita pafupifupi 66 aja umangotsetsereka, ndiye munthu amagula tayala la mano ang'onoang'ono poti ndi lotchipa. Koma usipa sugulidwa pa phula. Uli m'madooko, njira ya ku Liuli mpaka Lituhi, kumene kuli mchenga, miyala ndi timitsinje totsika m'mapiri. Mvula ikayamba mu Disembala, tayala losalala limangozungulira pamodzimodzi, matumba ali pamsana, wogula akudikira ku Songea.

Ine pa Boxer yanga, kumbuyo ndimaika la mano akuluakulu otalikirana, kuti matope azichoka okha. Ndimayang'ananso pambali ngati palembedwa 6PR kapena 8PR, chifukwa la 4PR katundu akalemera m'mbali mwake mumafooka, mwala n'kutsina chubu. Kutsogolo ndimaika la mano apakatikati. Kumeneko ndimafuna njinga imve chiwongolero pa makona a mapiri a Matengo, makamaka phula likanyowa.

Ndisakunamizeni, la mano akuluakulu limalira pa phula ndipo limatha msanga. Amene ulendo wake ndi Mbinga ndi Songea basi, asataye ndalama yake.

Musanalipire, werengani zinthu ziwiri. Saizi ifanane ndi ya lakale: 17 salowa pa limu ya 18, kaya wogulitsa alumbire bwanji. Kenako fufuzani manambala anayi a tsiku limene linapangidwa. Mukaona 2322, ndiye kuti ndi sabata ya 23 ya 2022. Tayala limene lakhala pa dzuwa pakhomo pa shopu zaka zambiri limaoneka latsopano, koma mphira wake wauma, sizitenga nthawi kuti ling'aluke.

Za kuphwetsako mpweya pa mchenga, anyamata a bodaboda amatero ndipo zimathandiza, koma iwo anyamula munthu mmodzi. Ndi matumba awiri ine ndimangotsika n'kukankha. Chubu chatsopano ndimagula tsiku lomwelo ndi tayala, chakale ndimachipinda n'kuchisunga pamodzi ndi pampu ndi zigamba.